Tsiku Limene Tauni Inasankha Mbusa

Chitsulo chinali psu pamoto pamene Zebulon Fisk analowa m'nyumba yosuliramo ya mlamu wake, Asahel Pomroy. Sanabwere ndi hatchi, sanabwere ndi khasu lothyoka. Asahel anamuona bwinobwino, koma anapitiriza kumenya nyundo ngati kwalowa mphepo chabe.

"Alamu, anditengera ng'ombe."

"Ndamva."

"Mwangomva, kapena munawatuma ndinu?"

Asahel anali dikoni wa tchalitchi cha tauni yathu ya Harlow, ku Massachusetts, komanso mmodzi wa akuluakulu oyendetsa tauniyo. Masiku amenewo zipewa ziwirizi zinkakhala pamutu umodzi popanda wodabwa. Tchalitchicho chinamangidwa ndi tauni, mbusa ankadya msonkho wa tauni, ndipo misonkhano ya tauni inkachitikira pa mabenchi omwewo opemphererapo. Zebulon, amene anakwatira mlongo wake wa Asahel, anali wa Babatisti. Anakana kudyetsa mbusa amene sankamvera ulaliki wake, wapolisi wa tauni n'kudzamasula ng'ombe yake yamkaka m'khola.

"Ana a mlongo wanu adya phala louma lero," anatero Zebulon. "Chonsecho malamulo aakulu a dziko lino akuti boma lisakhazikitse mpingo."

"Amenewo akumanga manja a aphungu a kulikulu uko, osati ife kuno. Kawerengeninso bwino."

Pamenepo Asahel sankanama, ndiye kuipa kwake. Munthu wamakani akakhala kuti lamulo lili mbali yake, ngakhale mum'lankhule mpaka kukhosi kuume, simum'sunthanso.

"Ndibweretsa mfundo ku msonkhano," anatero Zebulon. "Tauni izisamala misewu ndi milatho, mpingo uzidzisamala wokha. Inuyo mukakweza dzanja, ambiri akutsatani."

"Ndilekanitse Mulungu ndi tauni yake? Alamu, madzi anakumizanimo aja anakulowani m'makutu eti?"

Pa msonkhanowo Asahel anaimirira n'kulankhula mpaka thukuta kamukamu. Anati tauni ndi mpingo ndi thupi limodzi, wofuna kuzidula pakati ndi wakupha. Anthu anaomba m'manja, mfundo ya Zebulon n'kufera pomwepo. Ng'ombe ija inagulitsidwa, ndipo mlongo wake wa Asahel sanapondenso pakhomo pa mchimwene wake.

Zaka zitapitapo, mbusa wokalamba uja anamwalira. Akhristu odya mgonero anakumana paokha n'kusankha mnyamata wa chiphunzitso chakale, chimene Asahel anayamwa ali khanda. Chinatsala n'chakuti tauni ivomereze, popeza lamulo linkati wodyetsa mbusa ndiye womulemba ntchito. Asahel sanade nkhawa. Kuyambira nthawi ya agogo ake, tauni inkangogwedeza mutu pa zimene mpingo wanena.

Tsiku la chisankho atalowa m'tchalitchi, anadabwa. Munali modzaza mpaka pakhomo, koma nkhope zambiri ankazidziwira pokhomera zitsulo kumapazi a hatchi zawo, osati pa Sabata: ocheka matabwa, amalonda, ndi Jotham Crane mwini nyumba ya mowa, atakhala kutsogolo penipeni mwendo pa unzake. Iwowa anali ndi munthu wawo, Mbusa Lathrop wochokera cha ku Boston, wa maulaliki aafupi opanda moto wa kugehena, amene ankaphunzitsa kuti Yesu anali mphunzitsi wabwino koma sanali Mulungu.

"Jotham!" anakuwa Asahel. "Iwe unadya liti mgonero m'nyumba muno?"

"Mgonero sindidya, a Dikoni, koma msonkho wa abusa simunandidumphepo chaka n'chimodzi chomwe. Si munaima pomwepo inu n'kutiuza kuti ndife thupi limodzi? Ndiye lero manja a thupilo abwera, taonani kuchuluka kwake!"

Kuseka kunamveka mpaka panja. Asahel anamwazamwaza maso. Akewo anali ochepa, koma osati kwambiri. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kunali a Babatisti atapinda manja, Zebulon ali pakati pawo. Amenewo akanangokweza manja, mpingo ukanapulumuka. Asahel anatsika, nayenda mpata wonsewo anthu akumuyang'ana.

"Alamu," ananong'ona, "pa za Yesu inu ndi ine sitisiyana. Mulola guwa ili likwere munthu wom'kana?"

Zebulon anam'yang'ana. M'maso mwake munalibe chimwemwe.

"Zikundipweteka ngati inu nomwe, alamu. Koma ndikakweza dzanja posankha mbusa wa mpingo umene si wanga, ndavomera chimene ndakhala ndikukana moyo wanga wonse. Jotham alibe gawo pa guwa lanu, inenso ndilibe."

"Ndikukupemphani. Kamodzi kokha."

"Sikubwezera ayi. Langali silikwera."

Wapampando anaitana dzina la mnyamata uja, manja n'kukwera apa ndi apo. Asahel anakweza lake mpaka phewa kuwawa, akucheukirabe kumbuyo. Palibe anasuntha. Atatchula Lathrop, manja anangoti mbwee ngati chimanga m'munda.

Koma Asahel n'kugonja? Anatuluka ndi akhristu ake, n'kupita ku khoti kukanena kuti mpingo weniweni ndi iwo, choncho nyumba, belu ndi zikho za mgonero n'zawo. Oweruza anamvetsera modekha, n'kugamula kuti mwa lamulo mpingo sungaime paokha popanda tauni. Otsala ndi tauni, angakhale owerengeka, ndiwo mpingo. Otuluka atuluka chimanjamanja. Chinamuwawa kwambiri Asahel n'chakuti chigamulocho chinkamveka ngati ulaliki wake womwe, kungoti wotuluka pakamwa pa wina.

Loweruka wapolisi wa tauni anafika pakhomo kudzatenga makiyi ndi zikho. Anavula chipewa, mwamanyazi ndithu, popeza anakulira m'manja mwa dikoniyo.

"Pepani, a Dikoni. Ine ndangotumidwa."

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ndinkakutuma ndine."

Anazikulunga yekha zikhozo m'nsalu yoyera, n'kuzipereka.

M'mawa mwake anthu ake anasonkhana m'khitchini mwake, ena pa mipando, ena pa migolo ya maapozi, ana atakhala pansi pafupi ndi moto. Kunja chisanu chinali chitauma gwa. Asahel atatsegula pakamwa kuti ayambitse salimo, belu la tchalitchi linalira kutsidya kwa bwalo, likuitanira anthu kwa Lathrop.  Dikoniyo, bambo wa ndevu zaimvi amene sanalire pa maliro a mkazi wake, anagwira m'mphepete mwa tebulo n'kulira mokweza ngati mwana, ndipo azimayi ndi amene anayambitsa nyimboyo.

Zaka zonse zija ankaona ngati mpingo wake waima pathanthwe, osadziwa kuti wangoberekedwa, ndipo wobereka akatopa amatula. Akulu anaziona kale zoterezi pamene anati: ukakwera pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame.