Dzina la Malemu M'seva ya Wailesi

Khalani pansi ana inu, mafoniwo muyambe mwaika m'thumba. Paja mumati miyambi yonse inabadwira kumunda ndi kudambo? Ayi ndithu. Uwu unabadwira m'kachipinda kodzaza mawaya.

M'tauni ina ya kumalire munali wailesi yaing'ono ya m'dera. Anaiyambitsa ndi a Mwinjiro, bambo amene ankayenda m'midzi ndi chojambulira mawu, kujambula nyimbo za pamtondo, za chinamwali ndi nthano za nkhalamba. Zonsezo ankazisunga m'seva, kompyuta yaikulu imene inkayendetsa zonse za pa wailesiyo. Sevayo inkayendera pulogalamu yotchedwa Linux, ndipo woisamala anali mwana wawo wamkazi, Tinyade.

A Mwinjiro atamwalira, dzina lawo lolowera m'seva linatsala. Tinyade ankadziwa bwino lomwe kuti dzina la munthu amene wachoka liyenera kutsekedwa. Koma azakhali ake atamva anati, "Iwe, chiliza sitinamange, ndiye ufufute dzina la bambo ako? Ukuwathamangitsa?" Nayenso mumtima sankafuna. Analisiya choncho, pamodzi ndi mawu ake achinsinsi, omwe anali dzina la mudzi wa kwawo basi.

Tsiku lina m'mawa seva inayamba kulira ngati chigayo, nyimbo pa wailesi n'kumadukaduka. Tinyade anagwira bokosilo, kutentha kwake!

"Koma zimenezi ndiye ziti?" anadzifunsa.

Sanali munthu wongozimitsa n'kuyatsanso ayi, ankafuna aone kaye chimene chikuluma. Atayang'ana mapulogalamu amene ankagwira ntchito, anapeza kena kachilendo kakudya mphamvu zonse za makinawo. Anakaimitsa. Asanameze n'malovu omwe, ako kadzukanso.

"Ha! Kameneka n'kokhwima," anatero, chidwi chitamugwira.

Anayamba kukalonda mapazi kuti adziwe kanalowera pati. Makina ankasonyeza kuti amene akhala akulowa masiku onsewo ndi a Mwinjiro. Malemu! Wakuba wina wa pa intaneti anangolota mawu achinsinsi aja, n'kulowa ngati mwini nyumba, n'kuika kapulogalamu kakeko m'foda ya dzina la malemuwo, momwe munali mawu onse ojambulidwa. Ndipo mawuwo kwina kunalibe. Disiki yapadera imene ankasungirakonso mawuwo inabwerekedwa kukajambulira ukwati, ndipo mukudziwa inu mmene zobwereka zimayendera.

Tinyade anazula waya wolumikiza seva ku intaneti ndi ku situdiyo. Wailesi inangoti zii.

Posakhalitsa anatulukira a Kachiwanda, mkulu wa wailesiyo, munthu wabwino mtima koma waphuma.

"Mayi, anthu adzaza panjapo ndi mauthenga awo. Chavuta n'chiyani?"

"Mwalowa wakuba, bwana. Wakhala pa dzina la bambo."

"Ndiye fufutani dzinalo, afere momwemo!"

"Tikalifufuta ndi zonse zili pansi pake, mawu a bambo apita nawo. Ndiloleni ndikabwereke disiki kusekondale, ndisamutse mawuwo mosamala, ndikuwayesa ngati ali bwino. Ndikatero seva tiikonza kuyambira pansi."

"Mpaka liti zimenezo?"

"Mwina mawa."

A Kachiwanda anangokanda kumutu. Tinyade anakwera kabaza, ndipo chifukwa chofulumira anasiya seva ili chitsegukire pa dzina la woyang'anira, lija lotha kulamula chilichonse.

Panja anthu anayamba kung'ung'udza. Mayi wina anakuwa kuti, "Mchimwene wanga tikuika mawa, abale akutali amva bwanji?" A Kachiwanda chisoni chinawagwira, ndipo pamenepo sindingawanene. Anakumbukira lamulo limodzi lofufuta dzina la munthu ndi zake zonse, limene anaonapo Tinyade akulemba tsiku limene mtolankhani wina anasiya ntchito. Anakhala pampando, n'kulilemba ndi chala chimodzi, n'kuwonjezera dzina la a Mwinjiro. Linux safunsa kawiri, ana inu, ukamutuma amapita. Kenako anabwezera waya uja, wailesi n'kuyankhula, anthu panja n'kuwomba m'manja.

Tinyade anamva wailesi ikuyankhula pagolosale ali m'njira yobwerera. Anafika n'kuthamangira pa seva. Foda ija kunalibe. Nyimbo za pamtondo, nthano za nkhalamba zimene zinagona kalekale, ngakhale mawu a bambo ake akuseka ndi oyimba, zonse zinali zitapita. Anayesa njira zonse zimene ankadziwa zobwezera, koma malo ake anali atalembedwapo kale zina. Anakhala pansi pasimenti n'kulira kuposa mmene analirira pamaliro.

"Pepani mayi," anatero a Kachiwanda mwamanyazi, "komabe wakubayo ndamupha."

Asanatseke pakamwa, seva inayambanso kulira ngati chigayo. Kapulogalamu kaja kanali katabisa kanzake pamalo ena, ndipo waya utangolumikizidwa kanaitananso mwini wake.

Tinyade anapukuta misozi n'kuwayang'ana. "Bwana, khoswe wanu uyo akuthamanga. Chimene mwaswa ndi mkhate."

Anthu amene anali pakhomo anawamva mawuwo n'kupita nawo kwawo, ndipo kuyambira pamenepo timati, "Khoswe akakhala pa mkhate sapheka." Tanthauzo lake n'lakuti choipa chikatsamira pa chinthu chimene umachikonda, kaya ndi m'bale wako, kaya ndi chuma cha mtundu, sungachimenye ndi chibonga. Uyenera kuugwira mtima, upulumutse kaye chako chokondedwacho, kenako ulimbane ndi mdaniyo. Ukapupuluma, khoswe amadumpha ali wamoyo, iwe n'kutsala ukutola mapale.