Madeya Omera Ubweya

Kalekale, ana inu, ndi inu akulu amene mukuchita ngati simukumvetsera, kunali nkhuku yathadzi yopanda nthenga m'khosi, dzina lake Kameta. Anali ndi anapiye asanu ndi mmodzi, ndipo padziko pano analibenso china.

Patsinde pa phiri loyandikana ndi mudzi wawo pankakhala Nyani. Nyaniyu anakhalitsa m'mphepete mwa minda mpaka anatengera zochita za anthu. Nyumba anamanga. Chimanga chakuba ankakonola mu mtondo wakuba, madeya n'kumangounjika kuseri. Chimene chinkamudya mumtima chinali chimodzi chokha: matako ake ofiira aja, opanda ubweya ndi umodzi womwe. Pamaso pa alendo ankachoka chobwerera m'mbuyo.

Tsiku lina Kameta akupalasa ndi ana ake kuthengo, anangoona dengu lawavindikira, phi! Mmene linkavundukulidwa n'kuti ali kuseri kwa nyumba ya Nyani.

"Lero ndiye kuli ndiwo," anatero Nyani. "Ndiyambe ndi mayi, kapena mayi akhale wotsukira m'kamwa?"

Kameta pakamwa panagwira ntchito msanga. "Pepani bwana, tamupapasani mwanayu pachifuwa. Mwapezapo chiyani?"

"Fupa."

"Nanga ine?"

"Fupa ndi chikopa. Ndipo khosi lakoli wina anayamba kale kulisosola, n'kugwa ulesi."

"Ndiye mudye mafupa, inu bwana wathunthu? Anthu satero. Amamanga khola kuseri, n'kuweta nkhuku za nyama mpaka zitalemera m'manja. Chinsinsi chake ndikuchidziwa, poti ndinkaona mayi amene ankatiweta."

Nyani atamva kuti anthu amatero, anakhala pansi. Kameta anamuuza zonse. "Thirani madeya mu mtsuko. Thiranimo madzi mpaka madeya amire, madziwo apitirire ndi zala zinayi. Vindikirani ndi tsamba la nthochi. M'mawa vundulani, madzulo vundulani. Tsiku lachitatu mudzamva mtsuko ukuyankhula wokha, bwibwibwi, fungo lake ngati thobwa logona. Pamenepo ndiye kuti asasa. Nkhuku ikadya amenewo chakudya chimakhazikika m'mimba, mnofu n'kubwera."

Nyani anamanga khola, chitseko chake n'kumachimanga ndi luzi. Anapiye anawatsekera mkati. Kameta anamusiya panja kuti aziyang'anira mitsuko, podziwa kuti sangathawe ana ali m'khola.

M'mawa vundu, madzulo vundu. M'mawa vundu, madzulo vundu. Madeya anasasa, ana n'kuwakonda. Kameta ankanong'oneza pa mpata wa khola, "Ana inu, muzingolawa. Wonenepa ndiye woyamba kufa." Koma mungamuuze mwana wanjala kuti angolawa? Ankati amayi akatembenuka, mitu yonse m'phale, jomphojompho. Wosamva kuposa onse anali wachisamba, tambala wamng'ono dzina lake Sakhuta.

Mwezi utatha, Nyani analowa m'khola ndi kuyamba kupapasa zifuwa. Sakhuta anabisala pansi pa anzake. Nyani anatola mlongo wake, kumuyeza m'manja, n'kupita naye kuseri kwa nkhokwe. Kunamveka kwee! kamodzi kokha, kenako zii. Mphepo inabweretsa tinthenga mpaka pa mitsuko pamene panaima Kameta.

"Nzeru zako n'zabwino, iwe," anatero Nyani akutokosa m'mano. "Mafuta mpaka m'zigongono."

Kameta anayankha kuti zikomo bwana, poti akanatinso chiyani? Koma mtima unamuwawa koopsa. Iye ankati akugula masiku, osadziwa kuti akukonza ndiwo. Amene ananenepetsa mwana ujayo anali iye mwini, ndi pakamwa pake.

Patapita sabata, kwee! wachiwiri. Anatsala anayi.

M'mawa wina Nyani anabwera akukalipa, atanyamula mtsuko umene anauiwala kuseri kwa nkhokwe. Unali ndi mng'alu, madzi onse anatsikamo, madeya n'kukhala pamtunda masiku ambiri osavundulidwa. Pamwamba pake panali pachita chuku, choyera, chobiriwira, pena chakuda, chili nyankhalala.

"Taona, madeya anga amera ubweya! Ndiwataye kapena ndiwapatse ana ako?"

Kameta anachizindikira chinthucho. Mayi amene ankawaweta uja akaona chuku chotere ankakumba dzenje n'kukwirira, chifukwa chinamalizapo khola lonse la mnansi wake. Anayang'ana mu mtsuko, n'kuyang'ana Nyani, n'kugwetsa nkhope ngati wagwidwa akuba.

"Tayani, bwana. Tayani msanga. Musafunse zambiri."

"Ukubisa chiyani, iwe?"

"Palibe, bwana."

Nyani anamugwira pakhosi paja. "Nena, ndisanamalize kusosola pamene anasiya mnzanga."

"Ndinena, ndinena! Madeya a masiku atatu ndi a ife a nthenga. Akafika pomera ubweya chonchi, asanduka a inu a ubweya. Amene wadya, ubweya umamumera paliponse pamene ukusowa."

Nyani anamusiya. Dzanja lake linapita lokha kumbuyo. "Paliponse?"

"Paliponse, bwana. Mukuganiza kuti Mkango ndevu za m'khosi zija anabadwa nazo?"

"Nanga bwanji iwe sudya, khosi lili mbee chonchi?"

"Ine ndikufuna nthenga. Munaionapo nkhuku ya ubweya m'khosi? Angandigende ndi ana omwe kuti ndine mfiti."

Nyani anaseka mpaka misozi. Kenako anapisa dzanja mu mtsuko, nyomi! Nkhope inakwinyika. "Akuwawatu."

"Ndi mphamvu imeneyo, bwana. Koma musapitirire chikhatho chimodzi patsiku."

Ana inu, munthu wadyera mukafuna adye mbale zitatu, muuzeni kuti adye imodzi. Nyani anakomba mtsuko wonse tsiku lomwelo. Mitsuko ina iwiri anaikhetsa madzi dala, n'kuiika pofunda, osaivundula, kuti nayonso imere. Wa nkhuku unatsala umodzi.

M'mawa uliwonse ankabwera kwa Kameta, n'kutembenuka, n'kuwerama, poti kumbuyo kwake sakanatha kudzionera yekha. "Tayang'ana. Wamera?"

"Wayamba, bwana. Ndikuona tiubweya tiwiri."

"Nanga m'mimbamu mukupotokola bwanji?"

"Ndi mizu ya ubweya imeneyo, ikufuna potulukira. Onjezerani."

Mawa lake, "Wamera?"

"Tafika khumi, bwana, tonyezimira."

Koma chuku sichipha tsiku limodzi, ndipo Kameta analipira kuchedwako. Tsiku lachisanu Nyani anati m'kamwa mwachita zii, pakufunika kamsuzi. Analowa m'khola akudzandira. Kameta anayesa kunena kuti nyama imadana ndi mankhwalawo, koma Nyani anangomukankha ndi phazi. Kwee! Anatsala atatu.

Maso a Nyani anasanduka achikasu. Mimba inatupa kuti ndii, miyendo n'kuwonda. Kuthengo ankapita kasanu dzuwa lisanafike pamutu, kenako anayamba kulephera kufikako. Komabe ankakwawira ku mitsuko ija. Tsiku lomaliza anagona chafufumimba pakhomo pa nyumba yake, n'kuitana ndi mawu a udzudzu.

"Iwe Kameta... tayang'ana. Wamera?"

Kameta anazungulira, n'kuyang'ana bwinobwino. "Ayi bwana. Pali mbee ngati tsiku limene munabadwa."

Ngati anamva kapena sanamve, ine sindikudziwa. Anangophupha kawiri, basi.

Kameta anathamangira ku khola n'kuyamba kujompha luzi la pachitseko. Luzilo linali louma gwa. Anajompha, anajompha, mpaka mulomo unatuluka magazi, dzuwa n'kupendeka. Lisanaduke, anaona khwangwala akuuluka kuchokera padenga kulowera kuphiri, akulengeza maliro. Potsiriza luzi linati thu! chitseko n'kutseguka.

Ana aakazi awiri anatuluka. Sakhuta anakhala ndwii pambali pa phale, chifuwa chili pansi. Anali atapulumuka katatu konse pobisala pansi pa anzake, ndipo tsopano anali wonenepa kuposa nkhuku iliyonse imene munaionapo.

"Dzuka mwanangu, Nyani wafa. Tiye kwathu."

"Afa? Nanga mawa ativiikira ndani madeya?"

"Kwathu tikapalasa, monga kale."

"Kupalasa? Amayi, inu mwapha mwini chakudya. Anatilakwira chiyani bambo aja?"

"Anadya alongo ako atatu!"

"Ine sanandidye."

Kuphiri kunayamba kumveka anyani, hoo! hoo! Anali abale a malemu, akutsika kudzalira maliro. Ndipo inu akulu mukudziwa chimene chimaphedwa pamaliro alendo akachuluka.

"Sakhuta, ndagwira mwendo wako. Taima."

Apo mantha anamugwira, ndipo anayesadi. Anaima, n'kuponda kamodzi, kawiri, katatu. Miyendo inakana kunyamula thupi limene madeya anamanga, n'kukhalanso pansi, khu! Kameta anamukankha ndi mutu, anamukoka phiko, alongo ake n'kuthandiza. Anangomusuntha mpaka pachitseko. Anyani aja n'kuti afika pa mtsinje wa pafupi ndi nyumba.

"Amayi, musandisiye."

Kameta anayang'ana wamwamunayo, n'kuyang'ana aakazi awiri aja. Palibe nzeru ina imene inabwera. Zonse zinali zitathera pa Nyani. Anamukhudza ndi mulomo wamagazi uja pamutu, n'kutembenuka, n'kulowa mu udzu ndi awiriwo.

Anathamanga osacheuka. Atakwera pachulu cha kutsidya, anamva anamfedwa akulira mokweza monga mwa mwambo. Kenako kulira kunadukiza pang'ono, ngati anthu aona chinthu chosangalatsa. Kameta anaphimba ana awiri aja ndi mapiko kuti asamve. Iye yekha ndiye anamva.

Tsono inu amene mumaviika madeya kuseri kwa nyumba, madzi azipitirira, muzivundula, ndipo a chuku muzikwirira. Koma inu ana, wina akamakudyetsani bwino tsiku ndi tsiku osakutumani ntchito, n'kumakupapasani pachifuwa akumwetulira, mumufunse kuti iyeyo ndiwo zake amadya chiyani.

Nthano yanga yagona pamenepa. Amene waika mbatata pamoto akaphule, mwina wapeza makala okhaokha.