Lole ya Everson

Tsiku limene Everson ankanyamuka kwawo ku Neno, anagwira bambo ake dzanja pamaso pa anthu. "Bambo, ndikadzabwera, kachewere wanu sadzawolanso kumunda. Ndidzabwera ndi lole yosaopa matope."

Ife amene tinakhalitsa kunja timadziwana. Lonjezo timalisunga ngati suti yaukwati: kulisita kawirikawiri, kulivala ayi.

Ku Doha Everson anali injiniya wa mapaipi a madzi. Mu 2012 anaguladi lole yakale ya asilikali, yamatayala asanu ndi limodzi ofika m'chifuwa, naiimika kuseri kwa nyumba ku Fereej Bin Omran. Lachisanu lililonse ankapita nayo kuchipululu, kuphwetsako matayala pang'ono, n'kumakwera milu yamchenga azungu ndi Aluya akumujambula. Lole yogulira matope inatha zaka osalawa ngakhale chithaphwi.

"Achimwene, imeneyi ikwera liti sitima?" anafunsa Stafford, dalaivala wapahotela amene ankamugwirira sipanala.

"Inshallah, ikangopentedwa."

"Inshallah yanuyo ndi ya mabwana, ija munthu amangodziwa kuti zagwa."

Itapentedwa, Everson anakana kunyamulamo ngakhale firiji ya Stafford, ati ingakale penti. Mlongo wake Olipa akaimba foni kuti mavenda ogula kachewere alepheranso kukwera phiri ndipo bambo akufunsa, yankho linali lokonzeratu. "Uwauze ndikusintha mabuleki. Zitunda zakwathu si masewera." Ndiye n'kutumiza chithunzi china, iye ali pachiwongolero, magalasi akuda kumaso.

Mu 2017 anamva kaphokoso mu injini kamene wina aliyense sanakamve. Anaimasula yonse, zitsulo n'kuzindandalika pamakatoni monga tomato wapamsika. Mwezi womwewo abwana anamuuza kuti kontirakiti yatha, khalas, ndiye kuti basi, akonzeke kutuluka m'dziko. A sitima anati iwo amakweza galimoto yolowa yokha ndi matayala ake, osati yonyamula m'manja.

Stafford anayang'ana makatoni aja. "Kapena tikulongedzereni m'majumbo, mukalumikize kumudzi?"

Everson anafika ku Neno ndi sutikesi ndi kiyi. Mtunda womaliza anauyenda pansi, nsapato zaku Doha zili m'manja, poti minibasi inathera pamene panathera msewu wabwino. Bambo ake, amene tsopano ankayendera ndodo, anatembenuzatembenuza kiyi uja.

"Ndiye imalira bwanji, mwana wanga?"

Everson, mwamuna wa imvi m'ndevu, wowerenga mabuku a injini m'Chingerezi, anakhosomola n'kuyamba kulira ngati lole, mpaka kusintha magiya.

"Ayi, ndi yamphamvu," anatero bambo, n'kumubwezera kiyi wake.

Akale sananame: zengerezu adalinda kwawukwawu.

Chaka chimenecho mvula inagwa yambiri, ndipo kachewere anawolera kumunda.