Maluwa Ofiira M'munda mwa Dzonzi

Dzana, pochokera kuchigayo, ndinaona munda wa chimanga chonyentchera, m'mizere muli timaluwa tofiira ngati makala a moto. Ndinaima. Timaluwa totere ndinationa komaliza ndili mnyamata, ndisanapite ku Halale kumene kunathera zaka zanga. Sonkhezani motowo, adzukulu anga, ndikuuzeni za timaluwa timeneti.

Kalekale, pamudzi wina wa m'tsinde mwa phiri, panali munthu dzina lake Dzonzi. Iye ankagwira ntchito kutali, kumigodi. Wolima munda anali mkazi wake, Nangondo. Dzonzi akabwera patchuthi ankapeza nkhokwe ili tho! Ankadya, n'kuyamika, n'kubwerera.

Chaka chimene anabwereratu kumudzi, Nangondo anadwala, namwalira chimanga chili m'mawondo.

Dzonzi anatsala yekha. M'nyumba zii. Pabwalo zii. Mtondo unagona cham'mbali, wouimika panalibe.

Tsiku lina m'mawa anapita kumunda. Taonani! Patsinde pa chimanga pali timaluwa tofiira, tating'ono, tokongola.

"Ha! Zaka zonsezi munda uno sunatulutsepo duwa lotere," anatero Dzonzi. "Ndinu Nangondo. Mwabwera kudzandizonda."

Anagwada pansi, nayamba kuimba:

"Nangondo, mwadzuka bwanji?
Ine ndadzuka ndekha."

Mawa lake anapita, naimba. Mkuja wake anapitanso, naimba. Popalira, khasu lake linkatilambalala. Timaluwa tinachuluka. Koma chimanga chinayamba chikasu, masamba n'kumapotana ngati kuli ng'amba, pamene mvula ikugwa bwinobwino.

Kenaka Kapalamula, mlongo wake wa Nangondo, anadutsa pamundapo.

"Alamu, mwayamba liti ulimi wa maluwa? Mudzathyola amenewa n'kukakonola?"

"Musaponde apo! Ndi mlongo wanu ameneyo."

"Mlongo wanga? Ameneyu ndi kaufiti, alamu! Pamwamba akuseka, pansi wagwira mizu ya chimanga, akuyamwa ngati nkhupakupa. Zulani asanabereke njere."

Dzonzi anangomva mawu amodzi okha.

"Ufiti? Mukumunena mkazi wanga ufiti, manda ake asanamere n'udzu womwe? Chokani m'munda mwanga!"

Kapalamula anapukusa mutu, nachoka.

Pokolola, Dzonzi anatola zitsononkho zokhazokha. Njere za kaufiti, zonga fumbi, zinagwera m'nthaka. Dzinja lotsatira munda wonse unali psuu! Chimanga sichinafike n'komwe m'chiuno. Dzonzi ankaimbabe, koma mawu ankatuluka ang'onoang'ono chifukwa cha njala. M'nkhokwe, makoswe omwe anasamuka.

Kapalamula anabweranso, dengu la chimanga lili paphewa. Analitula pakhonde, nakhala pansi. Ulendo uno sanaseke.

"Alamu, ndikufunseni. Mukabwera patchuthi paja, mlongo wanga ankatani m'mamawa?"

"Ankati akukayendera munda. Ankabwera chitenje chitanyowa ndi mame, m'manja muli timaudzu, n'kutiponya pamoto."

"Munamufunsapo kuti n'timaudzu tanji?"

"Ayi. Ndinali mlendo ine. Mlendo safunsa za pamoto."

"Timaudzu timeneto n'timene mukuimbirati. Ankatizula tisanachite maluwa, tsiku ndi tsiku, chaka ndi chaka. N'chifukwa chake duwa lake simunalionepo. Maluwawa sakunena kuti Nangondo wabwera, alamu. Akunena kuti Nangondo kulibe."

Dzuwa litapendeka, Kapalamula anatsanzika.

Kutacha, Dzonzi analowa m'munda. Anazula, misozi ikugwa. Anazula, naunjika, natentha. Utsi utatha, munda unaoneka waukulu, ndipo iye anaoneka wamng'ono pakati pake.

Kaufiti satha dzinja limodzi, adzukulu. Dzonzi anathira manyowa a m'khola. Analeka kaye chimanga, nabzala mtedza ndi nandolo. Atabwezeramo chimanga, ankadzuka mame asanaume, mzere ndi mzere, mzere ndi mzere, kuzula kaufiti akadali mwana. Woyankhula naye panalibe. Ankangomva masamba akukhulana.

M'mawa wina anaima pachulu, nayang'ana uku ndi uku. Munda wonse biriwiri, chimanga chitabereka ana. Duwa lofiira panalibe ngakhale limodzi. Anadziyang'ana: miyendo yanyowa ndi mame, m'manja muli timaudzu.

"Oo," anatero Dzonzi chapansipansi. "Ndiye munali kuno eti, Nangondo?"

Napita kukatiponya pamoto.

Nthano yanga yagona pomwepa. Phulani mbatatayo isanapserere. Dzanja losamala munda limadziwika ndi zimene sizinamere.

Tsono mmodzi wa inu, amene dzanja lake silinjenjemera, ailembe nthanoyi mawa kukacha. Kale ndikaiwala penapake, agogo anu aakazi ankandikumbutsa ali kuseri kwa chitseko. Lero ndikaiwala, wondikumbutsa palibe.