Chiwanda cha pa Kamera ku Chelstone

Keziah anali mayi wa mtima wa mbalame. Chiberekereni mwana wake Abby, tsamba likangogwa pa malata ankadzidzimuka ngati wamva mfuti. Madzulo aliwonse ankayesa loko wa chitseko katatu, ndipo akafika kuchipinda ankabwereranso kukayesa kachinayi. Choncho akuba atalumpha mpanda wa nyumba yoyandikana nayo ku Chelstone n'kukolola zovala zonse za pachingwe, mwamuna wake Morris, amene ankagwira ntchito yausiku kuchipatala, anagula kamera kuti mkazi wake aziona pabwalo pa foni, iye ali phee m'nyumba.

Wodzaipachika anali ba Gilson, mmisiri wa zamagetsi wa ku Kabwata, munthu woyenda ngati bilimankhwe. Kamera anaiika pansi pa denga la khonde. Kenako anatulutsa kanyali kakuda, kamene kuwala kwake maso a munthu sakuona koma kamera imakuona, nakakamangirira kutali pangodya ya nyumba, kakuyang'ana chopendekera ku geti.

"Manje malaiti yayenda," anatero ba Gilson akupinda makwerero, poti magetsi anali atangozima. "Nizabwela pa Chiwelu kumazulo, tiiyese bwino mu mdima. Koma iyi nyali musaigwile, amake Abby. Nyali na kamela sizinkala pamozi."

Keziah anavomera ndi pakamwa pokha. Masiku awiri anayang'anitsitsa foni mpaka maso kuwawa. Geti inkaoneka ndithu, koma kumbali kwa thanki ya madzi kunali bii, ndipo kwa iye wakuba aliyense wa mu Lusaka anali atabisala kumeneko. Loweruka linali kutali ngati Khirisimasi. Anadzifunsa kuti, kodi munthu wofunafuna singano kunsi kwa bedi, tochi amapatsira mnzake amene ali kukhitchini? Si amaigwira yekha pafupi ndi maso?

Lachitatu masana, Morris ndi Abby ali m'tulo, anagubuduza diramu, nakwera, namasula kanyali kaja ndi mpeni wa tomato. Anakamanga kwakwakwa ndi malegeni, mphira wa chubu cha njinga, mutu ndi mutu ndi kamera, kakuyang'ana kutsogolo kumene kunali chipilala choyera cha khonde. Anatsika akupukuta manja, akudzitama mumtima kuti sukulu ya sekondale sanapitire pachabe.

Usiku umenewo foni inalira kosalekeza, kuchenjeza kuti panja pali choyenda. Keziah anasuzumira kamodzi kokha, naiponya kunsi kwa pilo. Geti inali itasowa, thanki itasowa, bwalo lonse lili bii. Pakati pa mdimawo panali chinthu choyera mbee, chachitali, chikugwedezeka uku ndi uku, miyendo yake yowonda ikukanda pa galasi la foni, ndipo mozungulira munkauluka timipira ta moto woyera.

M'mawa anaonetsa Morris. Za diramu ndi malegeni sananene.

"Kapena ni netiweki," anatero Morris akuyasamula.

"Netiweki ili na mendo, bashi Abby?" Keziah anafunsa bambo a mwana wakewo.

Chinthucho chinabweranso Lachinayi, chitanenepa. Lachisanu amayi ake a Keziah, ba Eness, atamva nkhaniyi, anatsika minibasi yochokera kwawo ku Chunga ndi amayi awiri a gulu lawo la mapemphero. Anapatsirana foni ija aliyense akuigwira ndi nsonga za zala ngati mbatata yotentha. Anadzoza mafuta pa geti, pa thanki, ngakhale pa matayala a galimoto, koma kumwamba kwa khonde palibe amene anayang'anako.

"Mwana wanga sagona mu nyumba ya so," anagamula ba Eness. "Longa, Keziah. Mailo, pa Chiwelu, mubwela ku Chunga, iwe na mwana."

Morris anagwira m'mutu. Nyumbayi anaifunafuna miyezi isanu ndi itatu, ndipo inali yoyamba imene ankakhalamo okha, popanda kulimbirana bafa ndi mabanja ena. Anachonderera, anaseka, anakwiya pang'ono, koma Keziah anali atayamba kale kupinda matewera.

Loweruka dzuwa litapendeka, ba Gilson anapeza masutikesi atatu pakhonde ndi ba Eness atakhala pa imodzi ngati wodikira basi. Anapereka moni kwa onse mmodzimmodzi, osafulumira. Anaonera chithunzi chija kawiri mpaka kumapeto. Kenako anakweza maso kudenga, nayang'ana nthawi yaitali.

"Nipempako chipyango," anatero.

Anatambasula tsachelo, nalizunguza kamodzi patsogolo pa kamera, nalitsitsa. Pansonga pake panali ulusi wodzaza mapiko a inswa ndi kangaude wonenepa, amene anatsika pansi n'kuyamba kuthawira ku maluwa.

"Chibanda chanu ni ichi, ba mami," anauza ba Eness. "Mufuna tichipemphelele olo tichileke chiyende?"

Morris anaseka mpaka kukhala pansi pa sitepe. Ba Eness ananyamuka pa sutikesi paja, nanena kuti iwo anali atakayikira kale, chifukwa chiwanda chenicheni sichinenepa pa masiku awiri.

"Manje funso ni imozi," anapitiriza ba Gilson, akuloza mfundo za mphira zija. "Ine sinimanga na malegeni."

Maso onse anatembenukira kwa Keziah. Iye anayang'ana zala za kumapazi kwake. "Nenze nifuna chabe kuona ku thanki," ananong'ona.

Ba Gilson sanamukalipire. Anamufotokozera kuti kuwala kukamenya chipilala choyera chapafupi kumabwerera m'diso la kamera, kamera n'kutsinzina ngati munthu wothwanimitsidwa ndi galimoto, zakutali zonse n'kusanduka mdima. Tizilombo tikamazungulira pa nyaliyo, kangaude amatsegulapo lesitilanti, ndipo ulusi umodzi wapafupi ndi diso umaoneka waukulu kuposa munthu.

Mdima utayamba kugwa, anabweza nyali pangodya paja. Anapatsa Keziah foni kuti ndiye aziona, natuma Morris kukaima pa geti. Anapendeketsa nyaliyo pang'ono, nafunsa Keziah zimene ankaona. Nkhope ya Morris inali mbee ngati mbale. Anatsitsa pang'ono, nafunsanso. Miyendo yokha. Mtima wa Keziah unkafuna kulanda sipanala, koma analuma mlomo, nayankha zimene ankaona basi. Anachita zimenezi kasanu ndi kawiri, Morris akuyenda uku ndi uku monyang'ama ngati wakuba wa mu sewero, mpaka mwadzidzidzi bwalo lonse linatseguka pa foni: geti, thanki, njira ya kuseri, ndi mwamuna wake akumwetulira, ngakhale mpata wa m'mano ake ukuoneka.

"Iyee, bashi Abby, nakuonani!" anafuula Keziah. "Na kumbuyo kwa thanki kulibe muntu!"

"Kwenze kulibe kuchokela pa Mande," anayankha Morris.

Ba Eness anabwerera ku Chunga okha, atanyamula ndiwo ya nkhuku m'kontena. Keziah anakokera masutikesi m'nyumba, nabweza matewera m'kabati limodzilimodzi, akuseka yekha. Anafuna kuona zonse tsiku limodzi, nadzichititsa khungu, mpaka anatsala pang'ono kuthawa nyumba yake chifukwa cha kangaude. Akulu sananame: kuona maso a nkhono n'kudekha.