Mkamwini wa ku Lulimile

Kuseri kwa nyumba ya a Adelino ku Lulimile, mumzinda wa Lichinga, kunali mlongoti wachitsulo, pamwamba pake makina a mapiko atatu opukusa magetsi ndi mphepo. Magetsiwo ankadzaza mabatire, mabatirewo n'kumafunditsa mazira m'bokosi loswetsera anapiye. Chibwerere kuchokera ku Malawi kumene anathawira nkhondo, munda wa a Adelino unali nkhuku basi.

Amene anaimika makinawo anali Cremilde, mwana wamkazi wa mlongo wawo, injiniya wa kuyunivesite. Kafukufuku wake yense anali m'kabokosi ka patsinde pa mlongotiwo. Kabokosiko kankamva liwiro la mphepo, ndipo mphepo ikanyanya kankapinda mchira wa makinawo, mapiko n'kupatukira kumbali mpaka mkuntho udutse. Amayi oweta nkhuku a ku Assumane ankangodikira kuona ngati zigwire, kuti nawonso awaimikire awo.

Koma pakamwa pa anthu sipakhala chitseko. Mwera wa mu Juni utayamba, a Martinho oyandikana nawo nyumba anaona makina akupatuka, n'kuseka chikhakhali.

"Taonani mkamwini wa a Adelino. Wangoona apongozi akubwera, wathawira kutchire."

Dzinalo linamata. A Adelino, mkulu woimba ng'oma kukwaya amene ankakonda kuti chake chimveke kutsidya, zinawadya mumtima.

"Iwe Cremilde, mphepo yaulere ikudzibweretsa yokha pakhomo, chinthu chakochi n'kumaionetsa nkhongo? Ndasanduka choseketsa kutchalitchi."

"Malume, mapikowa ndi matabwa a paini, ali ndi polekezera. Mphepo imene tikuitayayo ndi imene ingatithyolere makina. Mabatire akudzaza kale, nanga mukufunanso chiyani?"

"Ndikufuna alire, anthu amve."

Cremilde anakana kwamtuwagalu. Anawalonjeza kuti akamupempha china chilichonse achita, koma kabokosiko asakakhudze.

Loweruka lina mtsikanayo atakwera shapa, minibasi ya kumeneko, kupita ku Assumane, a Adelino anagwada patsinde pa mlongoti n'kuzula waya wa kabokosi. Abale inu, makina aja analira tsiku limenelo. Mapiko sankaonekanso, kunkangomveka mkokomo mpaka kumsewu. A Martinho anaomba m'manja pampanda, a Adelino akuyendayenda pabwalo manja ali kumbuyo ngati eni mphepo. Masana mkuntho unabwera wamphamvu, makina osapatuka. Phiko limodzi linangoti thyo, n'kukagwera m'munda wa nyemba wa a Martinho. Otsala aja anagwedeza mlongoti mpaka mawaya a m'kati anapsa, kenako kunangoti zii.

Cremilde atafika anapeza malume ake atakhala pakhonde, waya uja ali m'manja. Mtima unamuwawa koopsa, koma nthawi yokalipa panalibe. Mazira anali atatsala pang'ono kuswa, mabatire akanatha mawa lake, ndipo kuzizira kwa ku Lichinga sikumvera munthu chisoni.

"Zokambirana zidikire, malume. Dzukani, tikafune moto wa mazirawa."

Anayenda kwa amakaniko ndi kwa oyendetsa mashapa kubwereka mabatire. Lina ankasenza pamutu, likatha n'kukabweza, n'kutenga lina. Sanagwe mphwayi, komabe chisanu chinkalowa nthawi iliyonse yosinthanitsa. Tsiku loswa litafika, theka la mazirawo linangokhala chete. A Adelino anatenga limodzi n'kuliswa ndi chala. M'kati munali mwanapiye wathunthu, nthenga zonse zitamera, mlomo uli pachikhokho cha dziralo, wozizira. Mkuluyo anakakwirira mazirawo kuseri kwa khola yekha, ndipo sabata imeneyo kukwaya sanapiteko.

Cremilde sanataye nthawi ndi kudandaula. Anasemetsa mapiko ena kwa kalipentala, anakulunganso mawaya, makina n'kukwezedwanso pamlongoti. Phiko lothyoka lija analipachika pakhonde dala. Atafuna kulumikiza kabokosi, malume ake anamugwira mkono.

"Ndinazula ndine. Undionetse polowetsa, ndibwezere ndekha."

Amayi a ku Assumane anabwera tsiku la mphepo. Anaona phiko lothyoka, anamva za mazira aja kuchokera pakamwa pa a Adelino eni ake, kenako mkuntho utafika anaona makina akupatuka mwakachetechete, anapiye atsopano akulira m'bokosi. Mtsogoleri wawo, mayi Belmira, anatembenukira kwa Cremilde.

"Injiniya, ifenso mutiimikire wamanyazi yemweyu. Wolimbana ndi apongozi sakhalitsa pamudzi."

Lero ku Assumane kuli milongoti ingapo, ndipo yonse amaitcha akamwini popanda woseka. A Adelino anabwerera kukwaya. Akamawamba ng'oma yawo pamoto amaichotsa msanga chikumba chisanakungike kwambiri, chifukwa zimene ankadziwa kalekale pa chikumba anadzaziphunziranso pa mazira: ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.