Maluwa a pa Thabwa la Limba

Panali mayi wina wolemba zikwangwani za magolosale, wotchuka ndi penti wake wokhuthala wosasuluka ndi mvula. Tsiku lina anaitanidwa ndi mmisiri wokalamba, a Kalinde. Mkuluyu anatha chaka chathunthu akupangira sukulu ya zoimbaimba limba la mawaya, motsanzira malimba akalekale a ku Ulaya. M'kati mwa limba lotere mumakhala thabwa lopyapyala limene limanjenjemera mawaya akalira, n'kukuza mawu. Mwambo wake ndi woti pathabwapo pajambulidwe maluwa.

Mayiyo anajambula monga anazolowera. Anapaka penti wa mafuta, nabwereza, nabwerezanso. Maluwa anaoneka ngati ungawathyole.

A Kalinde anagogoda thabwalo ndi chala. Linangoti phu, ngati thumba la ufa.

"Maluwa okha mwatha, mayi," anatero. "Koma thabwali mwalifunditsa bulangete. Liyimba bwanji?"

Kunatsala masiku asanu ndi anayi kuti asukulu adzatenge limba. Akalisiya chomwecho, likhala lokongola koma losalankhula, ndipo chaka cha mkuluyo chipita pachabe. A Kalinde sanakalipe. Anangoika kachitsulo kopalira pambali pa mayiyo, namukokera mpando, iwo n'kutuluka kuti asamuone akulira.

Mayiyo anapukuta misozi, natenga kachitsuloko. Anapala ntchito yake ya masabata atatu, duwa ndi duwa, mpaka thabwa linayera. Kenaka anasungunula utoto ndi madzi ndi kadzira pang'ono, najambula mopepuza dzanja: maluwa a maungu, a nandolo, ndi pumbwa mmodzi pakona. Utoto unali wopyapyala moti mizere ya mtengo inkaoneka pansi pake.

Mphunzitsi wa nyimbo atafika, anakhala pansi n'kudinda mabatani a limbalo. Mawu anadzaza shedi yonse yogwiriramo ntchito a Kalinde, natulukira pawindo. Owotcherera zitsulo kuseri anazimitsa makina awo. Amayi ogulitsa tomato anasiya malonda, nadzaima pakhomo.

"Wajambula ndani?" anafunsa mphunzitsiyo.

A Kalinde anagwira mkono wa mayiyo n'kuukweza m'mwamba, utoto ukadali m'zikhadabo. Anthu anaomba m'manja, wina n'kuimba nthungululu.

Inu amene mukumva, mukaitanidwa kuti muwonjezere luso lanu pa ntchito ya mnzanu, yambani mwafunsa kuti chinthucho anachipangira chiyani. Ndipo mukapeza kuti zokongola zanuzo n'zimene zachitseka pakamwa, musazimvere chisoni. Palani.